Mafayilo akusowa, odwala ena ali ndi manambala awiri: kalaliki atani?

Kalaliki Watsopano:
Moni akuluakulu. Ndangoyamba ukalaliki pa desiki yolembetsera odwala, ndipo ndimathandizanso kosungira mafayilo. Mavuto ndi awiri: fayilo kusowa wodwala ali kale pamzere, ndi munthu mmodzi kupezeka ndi manambala awiri. Zimayambira pati, nanga zimakonzedwa bwanji?

Wosunga Mafayilo:
Achimwene, nambala yachiwiri imabadwira pa desiki panupo, nthawi zambiri chifukwa cha changu. Musanatsegule fayilo yatsopano, fufuzani m'kaundula kapena pa kompyuta katatu: ndi dzina, ndi tsiku lobadwa, kenako ndi kalembedwe kena ka dzinalo, monga l m'malo mwa r. Mayi mumufunse ngati anasintha dzina atakwatiwa. Samalaninso deti: 03/04 wina amawerenga 3 April, wina 4 March.

Musafunse kuti "Ndinu auje eti?" Munthu amene akumva ululu, kapena wosamva bwino, amangovomera. Atchule yekha dzina lonse ndi tsiku lobadwa, inu muziyang'ana pa fayilo.

Kuopsa kwa manambala awiri n'kwakuti fayilo imodzi yalembedwa kuti thupi la wodwalayo limadana ndi mankhwala a penicillin, koma dokotala wagwira inayo, yopanda chenjezo. Komabe mukapeza manambala awiri musaphatikize nokha. Pitani nawo kwa mkulu wa marekodi atsimikize, chifukwa mapasa amakhala ndi tsiku lobadwa limodzi ndi maina oyandikana. Kusakaniza anthu awiri mu fayilo imodzi n'koipa kuposa munthu mmodzi kukhala ndi ziwiri.

Mayi wa Marekodi:
Za kusowazo, mankhwala ake ndi khadi lolondolera. Fayilo isachoke pa shelefu musanaike khadi pamalo pake, lolembedwa nambala, deti, wotenga ndi komwe ikupita. Ngakhale dokotala atati "ndibweza pompano", lembani ndithu. Mafayilo ambiri osowa amatuluka ndi mawu amenewo.

Funsaninso kasanjidwe ka pamalopo. Zipatala zambiri zazikulu zimagwiritsa ntchito terminal digit filing, kowerenga nambala kuyambira kumapeto. Fayilo 27-41-86 mumayamba mwapita ku chigawo 86, m'menemo mupeze 41, kenako 27. Zigawo zilipo 100, kuyambira 00 mpaka 99, choncho mafayilo atsopano amamwazikana mashelefu onse, osaunjikana pamalo amodzi pomwe makalaliki angamapanikizane.

Ikasowa, yambani ndi manambala otembenuzidwa: 68 m'malo mwa 86, 14 m'malo mwa 41. Onani mafayilo angapo kutsogolo ndi kumbuyo kwa malo ake, ndiponso mkati mwa mafayilo onenepa, poti yopyapyala imalowa mwa inzake. Kenako pitani komwe wodwalayo anaonedwa komaliza: ku wodi, ku labu kapena ku maakaunti. Ikapanda kupezeka, tsegulani yongoyembekezera pa nambala yomweyo, mulembe pachikuto kuti ndi yongoyembekezera, ndipo dokotala auzidwe kuti mbiri yakale mulibe. Nambala yatsopano ayi.

Namwino wa ku OPD (koonera odwala osagonekedwa):
Ndiwonjezere ziwiri, achimwene. Mukalakwitsa polemba, dulani mzere umodzi kuti zolakwikazo ziziwerengekabe, lembani zolondola pambali, musainire ndi kuika deti. Musafute ndi Tipp-Ex kapena kung'amba tsamba, chifukwa fayilo ikhoza kukafunika kukhoti. Zolemba za dokotala kapena namwino si zanu kukonza. Za matenda musafunse mokweza pamzere, ndipo wachibale woimba foni musamuwerengere zotsatira.

Chachiwiri ndichonderere. Munthu akafika akubanika, akutaya magazi kwambiri, akukomoka, akumva kupweteka pachifuwa, kapena mayi woyembekezera matenda atayamba, siyani cholembera muitane namwino nthawi yomweyo. Wosatha kuyankhula amapatsidwa nambala yongoyembekezera, dzina lidzalembedwa akatsitsimuka kapena abale akafika.