Kodi anadziwa bwanji amene anamanga bwalo la zisudzo la ku Leptis Magna?

Mphunzitsi wa ku Linga: Ndimaphunzitsa mbiri yakale kuno ku Nkhotakota, ndipo sabata yatha ndinaonetsa ophunzira anga chithunzi cha bwalo la zisudzo la Aroma lomwe lili ku Leptis Magna, m'dziko la Libya. Mtsikana wina anandifunsa kuti akatswiri ofukula zinthu zakale anadziwa bwanji amene analimanga, popeza onse amene anaona likumangidwa anamwalira kalekale. Ndinalephera kumuyankha mokhutiritsa, ndipo zandikhala pamtima. Ndithandizeni, abale anga.

Bambo wa ku Chia: Aphunzitsi, yankho lake linalembedwa pamwala. Pamwamba pa makomo a bwalolo pali mawu ozokotedwa m'Chilatini komanso m'chinenero cha eni nthaka, cha Chipuniki, onena kuti Annobal Tapapius Rufus analimanga ndi ndalama zake, ndipo zaka za ulamuliro wa mfumu Augustus zotchulidwa pamenepo zimasonyeza chaka cha 1 kapena 2 AD. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti munthuyu sanali wochokera ku Rome, koma mbadwa yolemera ya mumzindawo, yomwe sinafune kuti chinenero cha makolo ake chisowe pakhomopo. Mzindawo utasiyidwa unakwiririka ndi mchenga, ndipo mchengawo ndi umene unateteza miyalayi mpaka akatswiri a ku Italy atayamba kufukula m'zaka za m'ma 1920.

Mayi wa ku Senga Bay: Ndiwonjezereko pang'ono, aphunzitsi. Auzeninso anawo kuti mipando yamiyala ija, yozungulira ngati mwezi wa theka, sinali yokhala aliyense pomwe wafuna. Ku Rome lamulo la m'chaka cha 67 BC linapatula mizere 14 kuti ikhale ya anthu achuma, ndipo akuluakulu a boma ankakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi ochita zisudzo. Mwana akayang'ana mipandoyo, aziona mmene anthu ankasiyanirana ulemu.

Mphunzitsi wa ku Linga: Zikomo kwambiri, bambo ndi mayi. Lolemba ndikalemba dzina la Annobal pabolodi, kenako ndikawatengera anawo pansi pa mkuyu uja womwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, kuti akafufuze okha umboni umene ulipo pamalopo.