Maselo anga akukalamba ndisanamalize kafukufuku, ndichite bwanji?

Anzanga amene mumasunga maselo mu labu, ndithandizeni nzeru. Ndikufufuza mmene maselo a m'njira ya mpweya ya munthu amatulutsira interferon (puloteni yochenjeza maselo kuti adziteteze) akagwidwa ndi kachilombo, koma maselowa sakukhalitsa. Ndikangowasamutsira m'mbale zatsopano kangapo, amafutukuka n'kuphwatalala, kugawikana kumaima, ndipo ndikawayeza ndi beta-galactosidase (njira yoonera maselo okalamba) ambiri amaoneka abuluu. Zimandipweteka mtima, chifukwa kudikira maselo a munthu wina kumandidyera miyezi, ndipo zotsatira zake zimasiyana ndi za woyamba uja.

Ndikudziwa kuti hTERT, jini imene ofufuza amaika m'maselo kuti asakalambe, imatalikitsa ma telomere (nsonga za DNA zimene zimafupika selo likamagawikana), koma maselo amtunduwu amaimitsidwanso kugawikana ndi puloteni ya p16, n'chifukwa chake ena amawonjezera jini ya CDK4 kuti ilambalale p16. Mapuloteni a tizilombo, amene ena amagwiritsa ntchito kuti maselo asakalambe, ndikuwaopa kwambiri. Mwachitsanzo, puloteni ya E7 ya kachilombo ka HPV imatsekereza STING, puloteni yochititsa selo kutulutsa interferon, yomwenso ndi njira imene ndikufuna kuyeza!

Inu amene munagwiritsapo ntchito hTERT pamodzi ndi CDK4, kodi MX1 ndi IFIT1 (majini amene amadzutsidwa ndi interferon) zinkakwerabe ngati kale maselo atasamutsidwa maulendo 30? Nanga kuwasunga ndi mankhwala a Y-27632 pamodzi ndi maselo odyetsa (maselo ena owathandiza kukula), popanda kusintha majini awo, kunakuyenderani bwino?