Woyendetsa ndege wa nkhondo uja anakanika bwanji ku Munich?

Chisomo_LL: Akuluakulu, ndithandizeni. Akuti amene ankayendetsa ndege ya Manchester United pa ngozi ya pa 6 February 1958 anali katswiri wa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Munthu woti anapulumuka zipolopolo, zinatheka bwanji kulephera kungodzutsa ndege pabwalo?

Bambo Mbewe: Ameneyo ndi Kenneth Rayment. Ku RAF, gulu la ndege za nkhondo la Britain, ankayendetsa ndege zosaka adani usiku, Beaufighter kenako Mosquito, mpaka analandira mendulo ya ungwazi ya DFC. Nkhondo itatha analowa kampani ya ndege ya BOAC, kenako ya BEA, yomwe inali mwini ndege ya ngoziyi. Tsikulo makaputeni analipo awiri. Mwini ulendo anali James Thain, nayenso wochokera ku RAF, koma chiwongolero chinali m'manja mwa Rayment, ndipo anasinthana mipando: Rayment kumanzere, Thain kumanja. Malamulo a kampani sankalola zimenezi, ndipo pambuyo pake anamugwirira pomwepo Thain.

Ndegeyo inali Airspeed Ambassador ya injini ziwiri za Bristol Centaurus. Inkachokera ku Belgrade ndipo inatera pabwalo la Munich-Riem ku West Germany kudzangomwa mafuta.

Injiniya_Phiri: Achimwene, tisiyanitse mavuto awiri, chifukwa ambiri amawaphatikiza. Loyamba linali la injini. Bwalo la Munich lili pamalo okwera, mpweya ndi wopepukirapo, ndiye mafuta ankachuluka m'masilinda ndipo mphamvu ya injini inkangokwera n'kutsika. Mankhwala ake ankadziwika: kukankha throttle, chowonjezera mphamvu ya injini, pang'onopang'ono. Anayesa kawiri n'kuima, anthu anatsika kaye, kenako anayesa kachitatu.

Koma kukankha pang'onopang'ono kumatanthauza kudya msewu wa ndege wautali musanadzuke. Ndegeyo inakafika mpaka chakumapeto kwa msewu, kumene ndege zina sizinapondeko, ndipo kunali chipale chosungunuka chandiweyani ngati phala. Ili ndiye linali vuto lenileni. Liwiro linafika pa 117 knots (muyezo wa liwiro la ndege), pomwe sungathenso kuima bwinobwino, ndipo ankafuna 119 kuti adzuke. M'malo mokwera linatsika kufika 112, kenako 105. Matayala akamakankha chipale chotere amagwidwa ngati munthu waponda buleki, makamaka ndege yokhala ndi tayala kumphuno ngati imeneyi. Kuima kunali kosatheka, kudzuka kosathekanso. Inathyola mpanda, kudutsa msewu wa magalimoto, phiko lakumanzere n'kumenya nyumba. Mwa anthu 44, anafa 23.

Chisomo_LL: Ndiye luso la kunkhondo silinathandize kalikonse?

Mayi Tembo: Pa ichi ayi, achimwene. Kunkhondo anaphunzira kuuluka mumdima ndi kusunga mtima, koma nthawi imeneyo panalibe matebulo ouza woyendetsa kuti chipale chakuya mwakuti chimadya liwiro lochuluka mwakuti. Ndege zambiri zakale zinali ndi katayala kumchira, ndipo akuluakulu a mabwalo anali asanazindikire kuti zatsopanozi zimavutika kwambiri.

Chimene chimandinyansa ine ndi kafukufuku wa ku West Germany. Ananena kuti mapiko anali ndi madzi oundana ndipo Thain sanawachotsetse, zomwe zinayeretsa eni bwalo amene sanakolope msewu. Rayment sanathe kudziyankhira, anamwalira m'chipatala mu March chaka chomwecho. Thain anachotsedwa ntchito, nabwerera kukaweta nkhuku pafamu yake ku Berkshire, ku England, uku akumenyera dzina lake. Patapita zaka pafupifupi khumi, kafukufuku wa ku Britain anamuyeretsa n'kuloza chala chipale chija, koma a ku Germany sanasinthe mawu awo. BEA sinamubwezere pantchito. Anamwalira mu 1975 ali ndi zaka 54.