Jupiter akungothawa mu telesikopu yanga, ndikulakwitsa pati?

Wa_ku_Matawale:
Moni nonse. Alamu anga pobwera kuchokera ku Johannesburg anandisiyira telesikopu yogwirapo kale ntchito, ya miyendo itatu. Pathupi pake analemba 70/700, ndipo mu katoni muli timagalasi tiwiri tosuzumiramo, kena 20mm kena 4mm. Mwezi ndinauona bwinobwino, maenje ndi mithunzi yake, moti mayi a kunyumba ndiwo zinawapserera pamoto. Koma Jupiter wandivutitsa masiku anayi tsopano. Ndikaika ka 4mm ndimangoona chimbulunga choyera chonjenjemera, ndipo ndikati ndiitane mwana adzaone, pobwera chapita kale. Ndimaonera pakhonde akangotulukira cha ku Chilwa. Chipangizochi n'chakufa, kapena wakufa ndine?

Aphunzitsi_Domasi:
Achimwene, chipangizo chili bwino. Ka 4mm kaja kabwezereni mu katoni. Gawani 700 ndi nambala ya kagalasi: 20mm ikukuza maulendo 35, pamene 4mm ikukuza maulendo 175. Galasi lanu lakutsogolo ndi la 70mm, ndipo lotero likadutsa maulendo 140 silionjezeranso kanthu, limangokuza chimbuuzi. Ogulitsa amakonda nambala zikuluzikulu, ife tisatengeke nazo.

Zothawazo si Jupiter, ndi dziko lathuli likuzungulira, madigiri 15 pa ola. Mukakuza kwambiri mumaona kachigawo kochepetsetsa ka thambo, nchifukwa chake sakhalitsa. Ndi 20mm akhala mphindi zingapo, mwana afika.

Chinanso, mukufulumira. Akangotuluka mumamuonera kupyola mpweya wambiri, wafumbi ndi utsi, kuonjezerapo kutentha kochoka pa malata a anzanu amene awombedwa ndi dzuwa tsiku lonse. Kunjenjemerako n'kumeneko. Dikirani akwere, chokani pakhonde, ikani miyendoyo pa dothi. Mudzaona kambale kakang'ono, mwina ndi mizere iwiri yoderapo, ndi timadontho tinayi tondandalikana: Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, miyezi yomwe Galileo anaiona mu 1610 ndi chipangizo chochepera mphamvu kuposa chanucho. Jambulani papepala lero, mudzajambulenso mawa. Io amazungulira Jupiter masiku osakwana awiri, ndiye mudzapeza tasinthana malo. Usiku wina mudzawerenga titatu, musadabwe, kena kabisala kuseri kapena kakudutsa kutsogolo.

Kapaipi kakang'ono kapamwamba kaja, kothandiza kuloza chimene mukufuna kuona, kalinganizeni kukadawala polozetsa pa mtengo wakutali. Koma chonde, dzuwa ayi, ngakhale kamphindi. Diso limapsa osachiranso, ndipo masana musaisiye panja pali ana.

Chikanda_Boy:
Ine langa ndi chenjezo basi. Ndinatulutsa mabayinokula usiku magetsi atazima, m'mawa mwake agogo oyandikana nawo anayamba kundilonjera mokayikira. Aitaneni aneba asuzumire nawo zisanafike kwa amfumu kkkk.

NaPhiri_wa_kuPhiri:
Aphunzitsi anena zoona. Ine ndingoonjezera za malo. Tinakwerapo phiri la Zomba, ku Ku Chawe mpaka ku Emperor's View mwezi uli mu mdima, ndipo Mlalang'amba unachita kuoneka ngati ufa wotayika pamphasa. Koma musadzivute kukwera phiri chifukwa cha Jupiter, ndi wowala, ku Matawale komweko aoneka. Phiri ndi la zinthu zozimirira. Mukapita tengani jekete, ndipo June ndi July chiperoni chimatha kukuphimbirani zonse mutalipira kale galimoto. Thambo loyera ndimalipeza mvula ikangotha, April ndi May. September ndi October utsi wa moto wolusa umaononga.

Komanso bambo, foni isakuiwalitseni maina athu a nyenyezi. Agogo anga sankadziwa Orion, ankadziwa Akamwiniatsatana. Nsangwe mukailoza ndi 20mm mudzasiya kuwerenga, pomwe ndi maso timaona zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Nthanda ija ya mbandakucha ndi Venus, ndipo mu telesikopu nthawi zina imaoneka ngati kamwezi kongokhala kumene. Ineyo imeneyi inandidabwitsa kuposa Jupiter.

Wa_ku_Matawale:
Zikomo aphunzitsi, zikomo mayi. Dzulo ndinadikira mpaka cha m'ma 11 koloko, ndi 20mm, kuseri kwa nyumba pafupi ndi dimba. Timadontho ndinaona titatu, tiwiri mbali imodzi kamodzi mbali inayo. Mizere sindikutsimikiza, mwina maso amafuna kundisangalatsa. Mwana ndinamudzutsa, anasuzumira n'kufunsa ngati kumenekonso kuli sukulu. Nanga mphete za Saturn zingaoneke ndi kagalasi komweka?

Aphunzitsi_Domasi:
Zioneka, koma tating'ono kwambiri. Mu March 2025 zinali chammbali ngati lumo, panopa zikutseguka pang'onopang'ono. Mukapeza kagalasi ka 10mm, maulendo 70, m'pamene mudzazione bwino. Auzeni alamuwo asanabwerenso.