Arduino Uno ikulemba "?" m'malo mwa nambala mu SMS

Moni nonse akuluakulu, ndithandizeni, pano nzeru zandithera.

Ndikupanga kachipangizo koyang'anira kutentha mu incubator ya mazira a nkhuku. Ndili ndi Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono koyendetsa kachipangizoka), DHT22 (sensa yoyeza kutentha ndi chinyezi), ndi SIM800L (yotumizira SMS) yomwe ndailumikiza pa pin 10 ndi 11 kudzera pa SoftwareSerial, baud 9600. Ndimafuna kutentha kukatsika pansi pa 37, foni yanga izilandira uthenga ngati uwu: "Kutentha: 36.4C, Chinyezi: 58%".

SMS ikufika bwinobwino, koma pomwe payenera kukhala 36.4 pakungobwera "?". Uthengawu ndikuulemba ndi sprintf (lamulo la mu code losanjira mawu ndi nambala pamodzi) ndi %.1f (chizindikiro choimira nambala ya decimal). Chodabwitsa n'chakuti Serial.print ikuonetsa nambala yolondola pa Serial Monitor (poonera pa kompyuta zomwe Arduino ikulemba), ndiye sensa ilibe vuto.

Ndinayesa kulumikiza mawu ndi String (njira ina yosungira mawu mu code ya Arduino), zinayenda tsiku lonse. Koma usiku wachiwiri Arduino inangouma, m'mawa ndinapeza mazira atazizira, uthenga osabwera. Zinandipweteka kwambiri. Ndikukayikira kuti String ikudya SRAM (memory yogwirira ntchito), paja Uno ili ndi 2KB yokha. Kenako ndinayesa dtostrf (lamulo losintha nambala ya decimal kukhala zilembo): nambala yabwera, koma kumapeto kwa uthenga kukutuluka zilembo zosamveka. Buffer yanga (malo osungiramo uthengawu mu memory) ndi ya zilembo 32.

Kodi buffer imeneyi yachepa, kapena ndikulakwitsa polemba chizindikiro cha %? Nanga inu mumatumiza bwanji nambala za decimal ku SIM800L popanda String? Amene muli ndi code yoti yayenda masabata angapo osazima, ndionetseniko chonde.