Gulu la achinyamata a zaka 13 mpaka 19: tiliyendetse bwanji kuti lisafe?

Mlangizi_Mtendere:
Abale ndi alongo, mpingo wa m'komboni mu Lusaka ukafuna kuyambitsa gulu la achinyamata a zaka 13 mpaka 19, uyambire pati? Masabata oyamba amadzaza mabenchi, pakatha miyezi iwiri otsala ndi atsikana a kwaya okha. Ndalama ya zokuzira mawu palibe. Ndithandizeni za tsiku, kutalika kwa msonkhano ndi chiwerengero cha alangizi.

Mkulu_wa_Mpingo_Matero:
Alangizi, choyamba agaweni pawiri: azaka 13 mpaka 15 paokha, 16 mpaka 19 paokha. Wamng'ono safunsa za kutha msinkhu pamaso pa mkulu wake, ndipo wamkulu akakhala ndi tiana amaona ngati mwamubweza ku Sande sukulu. Anyamata akuluakulu amathawa pa chifukwa chimenechi.

Tsiku likhale Loweruka, 14:00 mpaka 16:00. M'mawa amakhala akuchapa, kutunga madzi, ena ali ku makalasi owonjezera, ndipo pomafika 18:00 aliyense akhale ali pakhomo, kusanade. Maola awiriwo muwagawe chonchi: mphindi 20 mpira kapena masewera ena poyembekezera ochedwa, 15 nyimbo, 20 phunziro, 40 timagulu ta anthu 6 mpaka 8 kukambirana, zotsalazo pemphero ndi zolengeza. Phunziro likapitirira mphindi 20 lasanduka ulaliki, ndipo ulaliki adzaumva mawa lake.

Kagulu kalikonse kakhale ndi mlangizi wakewake wosasinthasintha, ndi kope la mayina. Mwana akajomba kawiri motsatizana, alangizi awiri apite kwawo akacheze ndi makolo. Uthenga wa pa foni musaudalire, mafoni ambiri ndi a mayi awo.

Kalendala yanu itsate ya sukulu. Okutobala ndi Novembala a giledi 12 amakhala pa mayeso a ECZ (bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia), musaike zolemetsa. Kampu ikhale pa holide ya Epulo kapena Ogasiti. Disembala ndi mvula, kumadera ngati Kanyama madzi amasefukira, ndipo kolera ya 2023 mpaka 2024 inachedwetsa ngakhale kutsegulira masukulu.

Mayi_wa_Chigwirizano_Chawama:
Akulu ampingo anena bwino, koma pali nkhani imene timaizengereza. Mlangizi asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ngakhale ndi kupempherera. Atsikana akhale ndi mlangizi wamkazi. Pa gulu la WhatsApp pakhale akuluakulu osachepera awiri, ndipo mlangizi wamwamuna asamalembere mtsikana kumbali usiku. Ku kampu aliyense abwere ndi kalata yosainidwa ndi kholo, yokhala ndi nambala ya foni ndi matenda amene ali nawo, monga mphumu kapena khunyu.

Mwana akayamba ndi mawu akuti "musauze munthu", musalonjeze. Muuzeni kuti mumvetsera, koma ngati pali womupweteka muuza amene angamuteteze. Akaulula za kugwiriridwa, musamufunse mafunso ambirimbiri, ndipo nkhaniyo isathere pa bwalo la akulu ampingo kapena pa kukhululukirana kwa mabanja. Pitani ku Victim Support Unit ku polisi ndi ku chipatala msanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira akayambidwa maola 72 asanathe. Nambala ya Childline ndi 116, yaulere. Lamulo la ana la 2022 likuteteza ana onsewa osapitirira zaka 18.

Mtsikana akatenga mimba musamuchotse m'kagulu kake pomwe mnyamata akupitiriza kuliza kiyibodi. Anzake amaona zimenezo, ndipo sadzakuuzaninso kanthu. Boma limalola atsikana kubwerera ku sukulu akabereka kuyambira 1997. Mpingo uthandize makolo kukalankhula ndi ahedi.

Mphunzitsi_Garden:
Za mphindi 40 za timagulu ndikugwirizana nazo, koma zimafa ngati mlangizi alankhula yekha. Akonzeretu mafunso atatu osayankhika ndi "inde" kapena "ayi", akafunsa atseke pakamwa. Chete wa kanthawi sapha munthu.

Baibulo nalonso: Chinyanja cha Buku Lopatulika ndi chozama kwa mwana wobadwira mu Lusaka. Werengani ndimeyo mu Buku Loyera kapena m'Chingerezi, kenako mmodzi aifotokoze m'Chinyanja cha m'tauni. Osamuseka akasakaniza ndi Chibemba.

Mitu ichokere kwa iwo. Ikani kabokosi aponyemo mafunso opanda dzina; mudzapezamo kubetcha mpira pa foni, mowa, zibwenzi, kulephera mayeso, bambo opeza ovuta. Aliyense apatsidwenso ntchito yosinthana mwezi ndi mwezi: kuyala mabenchi, kusunga mpira, kutsogolera nyimbo, kulandira alendo. Amene wanyamula kiyi wa tchalitchi sajomba.

Chopereka chisakhale tikiti yolowera. Amene alibe kobiri amayamba kuchedwa dala kuti mbale imudutse, kenako sabweranso. Ndalama ya kampu ipezeke ndi ntchito za pamodzi, monga kutsuka magalimoto a akhristu mapemphero ali mkati.

Mlangizi_Mtendere:
Zikomo nonse. Nanga alangizi akakhala awiri okha, ana 30?

Mkulu_wa_Mpingo_Matero:
Sankhani anayi mwa azaka 18 ndi 19 atsogolere timagulu ta ang'onoang'ono, inu awiri muzizungulira. Muzikumana nawo Lachisanu madzulo kwa theka la ola kukonzera limodzi phunziro. Nkhani zolemera zija anena amayi, azizifikitsa kwa inu tsiku lomwelo.