Ndinaseka kuvulala kwa Tatum, tsopano achimwene sakundiyankhula. Nditani?

Membala wobisa dzina:

Abale pa gulu lino, ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ndi ya m'banja. Mutu umodzi susenza denga, chonde ndithandizeni maganizo.

Ine ndimasapota Lakers ya ku Los Angeles, achimwene anga aakulu amasapota Celtics ya ku Boston, matimu a mu ligi ya basketball ya ku America, NBA. Ndi iwowo amene anandiphunzitsa basketball, kuyambira kagwiridwe ka mpira mpaka mwendo wodumphira popanga layup. Mu 2008 ndili ndi zaka 12 tinaonera limodzi gemu 6 ya fainolo, tsiku lomwe Boston inasambitsa Lakers 131 kwa 92. Achimwene anavina mpaka kucha. Ine maso anga anali pa Kobe Bryant, katswiri wa Lakers, akutuluka m'bwalo atazyolika, ndipo mtima wanga unamutsatira kuyambira pomwepo. Mu 2010 tinabweza chipongwe, 83 kwa 79 pa gemu 7, ndinalira ndi chimwemwe. Chiyambire nthawi imeneyo kunyogodolana ndiye kwakhala moni wathu, ndipo sitinadanepo.

Zinthu zinayamba kuwawa mu June 2024, Celtics itagonjetsa Dallas 4 kwa 1 ndi kutenga chikho cha 18, ife tili pa 17. Kwa miyezi ingapo m'mawa uliwonse ndinkadzuka ndi uthenga wa achimwene, nambala yokha basi: 18. Zimenezo ndinkapirira. Chimene chinkandilasa ndi pamene ankati chikho chathu cha 2020 sichiwerengedwa poti chinaseweredwa ku Orlando mopanda anthu m'bwalo. Chaka chimenecho ndi chomwe Kobe anafa pa ngozi ya helikopita, pa 26 January. Kwa ine chikho chija chinali ngati chopukutira misozi, ndipo achimwene ankadziwa bwino.

Mu 2025 katswiri Luka Dončić atabwera ku Lakers mu February ndinati basi nthawi yathu yakwana. Minnesota inatitulutsa mu ndime yoyamba ya ma playoffs (magemu ochotsana opita ku fainolo), 4 kwa 1. Achimwene anandiseka sabata yathunthu. Kenako pa 12 May, pa bwalo la Madison Square Garden ku New York, Jayson Tatum, katswiri wa Celtics, atamwetsa kale mapointi 42 anagwa yekha popanda womugunda, mtsempha wa kuchidendene utaduka. Ine mtima uli wodzaza ndi zakale zija ndinalemba pa gulu la banja la WhatsApp, ndi tinkhope toseka tambirimbiri: "Chikho cha 19 mukachitengere kuchipatala."

Nditatumiza ndi pamene ndinakumbukira. Achimwene anasiya kusewera ali ndi zaka 24 chifukwa cha mtsempha womwewo. Mpaka lero akayenda mtunda wautali amatsimphina. Anatuluka pa gulu la banja ola lomwelo. Papita miyezi itatu, ndikawalembera amangoti "chabwino", foni sayankha. Ndinalemba kuti "pepani ngati ndinakulakwirani", anawerenga koma zii.

Mafunso anga ndi awiri. Ndiwapepese bwanji? Komanso, inu anzanga mumatani kuti timu isamakulamulireni mtima? Ine Lakers ikagonja tsiku lonse ndimakhala wokwiya, mayi akunyumba amachita kuuza ana kuti lero musawayandikire adadi anu. Zimenezi zikundichititsa manyazi.

Sapota wa Celtics:

Achimwene, ndikuuzani mosabisa, munalakwa kwambiri. Sekani timu ikagonja, sekani kochi, sekani osewera akaphonya, zonsezo ndi zamasewera. Koma munthu wagwa akubuula ndi ululu, inu muziseka? Ndipo inu a Lakers ndi amene simuyenera n'komwe. April 2013 Kobe anaduka mtsempha womwewo akusewera ndi Golden State, anaimirira n'kuponya ma free throw awiri, onse analowa, kenako anatuluka akuyenda yekha. Tsiku limenelo achimwene anu akanakutumizirani tinkhope toseka, mukanamva bwanji?

Membala wobisa dzina:

Sanaseke. Ndikukumbuka anandiimbira foni n'kundiuza kuti "limba mtima, ameneyu adzabweranso". Mwandikumbutsa zimene ndinaiwala, ndipo zandipweteka.

Mnzanu wa Lakers:

Aise usadzipweteke mutu kwambiri. Akuluwo nawonso anaonjeza. Miyezi yonse ija akukutumizira 18, akunyoza chikho cha chaka chimene Kobe anafa, ankaganiza kuti iwe ndi mwala? Matimu awiriwa akumana ka 12 mu fainolo, Boston yapambana ka 9, ife katatu, ndiye masapota awo anazolowera kuyankhula okha. Akabwezeredwa kamodzi akuti mwano. Pepesa inde, koma nawonso apepese.

Sapota wa Celtics:

Kunyoza chikho ndi kuseka munthu wovulala si zofanana ayi. Chikho sichimva kuwawa.

Mnzanu wa Lakers:

Koma mwini timu amamva. Ndangoti onse awiri ali ndi mlandu.

Mayi wa anyamata atatu:

Mwananga, ine basketball sindiidziwa kwenikweni, ndimangoimva anyamata anga akamakangana pabalaza. Koma pa nkhani ya kupepesa ndikuuza. Liwu loti "ngati" ndi limene linaononga uthenga wako. "Pepani ngati ndinakulakwirani" ndiye kuti mwini wake sukudziwa ngati unalakwa, ukuwasiyira akuluwo ntchito yokufotokozera. Ndani angayankhe zotero?

Siya foni. Nyamuka upite komwe ali, ukhale pansi, unene chimene unachita ndi dzina lake: ndinaseka kuvulala kumene kunakulandani masewera anu, ndinatero pamaso pa abale onse, ndinalakwa. Ukatero tseka pakamwa. Za 18 zija, za 2020 zija, usazitchule tsiku limenelo ngakhale zikuyabwe bwanji pakhosi. Zili ndi tsiku lake. Ndipo poti unawachititsa manyazi pagulu, ukalembenso pa gulu lomwelo la banja kuti unalakwa. Chibale ndi fupa, koma usadalire mwambi wokha iwe uli khale.

Amene anasewerapo:

Ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene mtsempha umenewu unamudukira. Umamva ngati wina wakumenya ndi mwala kumbuyo kwa mwendo, umacheuka kuti uone ndani, kulibe munthu. Kucheuka kumeneko ndi kumene sindidzaiwala. Ukatero pamabwera opaleshoni, ndodo, miyezi yambiri yophunziranso kuimirira ndi zala, ndiye mwendo umodzi umaonda kuposa unzake. Osewera a NBA ali ndi madokotala apamwamba koma ambiri zimawatengera pafupifupi chaka kuti abwerere. Enafe sitinabwererenso.

Ma playoffs a 2025 anali olemetsa kwa anthu ngati ife. Damian Lillard, kenako Tatum, kenako Tyrese Haliburton pa gemu 7 ya fainolo ndi Oklahoma City, onse mtsempha womwewo. Nthawi iliyonse ine ndinkazimitsa TV. Ndikhulupirireni, achimwene anu usiku umene uja sankaona Tatum. Ankadziona okha ali ndi zaka 24 atagona pansi. Ndiye foni ikulira, mng'ono wawo amene anamuphunzitsa okha akuseka. Sakukukwiyirani chifukwa cha Celtics. Akudzifunsa ngati inu munkawasekanso mumtima zaka zonsezi akamatsimphina.

Mukapita, afunseni za mwendo wawo. Mwina simunawafunsepo bwinobwino mmene anamvera posiya mpira.

Membala wobisa dzina:

Sindinawafunsepo. Ndinali wamng'ono, ndinkangoona ndodo zija ngati chinthu chodutsa. Zikomo kwambiri achimwene, ndawerenga katatu.

Mkulu wa nthawi ya Magic ndi Bird:

Ana inu mpikisano umenewu mwaupeza utazizira. Ife tinauona uli moto. Magic Johnson ndi Larry Bird anayamba kulimbana mu 1979 pa fainolo ya makoleji, Michigan State ndi Indiana State. Atalowa NBA, Magic ku Lakers ndi Bird ku Celtics, anakumana mu fainolo katatu: 1984 Boston, 1985 ndi 1987 Los Angeles. Poyamba sankafuna n'kuonana komwe. Anadzayamba kumvana pamene Magic anapita kwawo kwa Bird ku French Lick kukajambula malonda a nsapato za Converse. Mu 1991 Magic atapezeka ndi kachilombo ka HIV, Bird anali mmodzi wa anthu amene anawauza asanalengeze kudziko, ndipo mu 1992 anavala yunifolomu imodzi ya America pa masewera a Olimpiki ku Barcelona. Eni ake amene ankagundana zigongono m'bwalo anakhala abwenzi. Inu a bere limodzi, amene Tatum ndi LeBron James sakudziwani n'komwe, mudanirane chiyani?

Komabe ndisakunamizeni kuti mtima wotere ndi wanu nokha. Mu 2019 Kevin Durant wa Golden State Warriors atagwa ndi mtsempha womwewo ku Toronto pa gemu 5 ya fainolo, ena mwa masapota a Raptors, timu ya komweko, anayamba kukuwa mokondwa, mpaka osewera awo omwe anawakwezera manja kuti akhale chete. Usapota umaledzeretsa. Chofunika ndi chimene uchita ukatsitsimuka.

Sapota wa Warriors:

Pa funso lanu lachiwiri. Ine 2016 inandiphunzitsa. Tinapambana magemu 73, tinatsogola 3 kwa 1 mu fainolo, Cleveland n'kutilanda chikho. Ndinakhala masiku osadya bwino, kuntchito ndinakangana ndi munthu wosalakwa. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo: gemu ikatha foni ndimaisiya kwa ola lathunthu, tipambane tigonje. Uthenga wanu uja mukanadikira ola limodzi simukanautumiza. China, season ili ndi magemu 82, simungafe ka 82. Sankhani oti muonere, ena muzingoona zotsatira m'mawa mutagona mokwanira, chifukwa theka la mkwiyo umenewo ndi tulo. Ndipo ndifunse, mumabetcha? Ngati mumatero, yambani mwasiya zimenezo.

Membala wobisa dzina:

Kubetcha ayi. Koma za tulo mwalasa, ndimadzuka pakati pa usiku pafupifupi gemu iliyonse. Mayi akunyumba ndawawerengera yankho lanu, akuti akhala akunena zomwezo zaka zitatu.

Mnzanu wa Lakers:

Ndawerenga zimene alemba amene anasewerapo aja. Ndabweza mawu anga aise. Pita kaye iweyo, za iwowo zidzabwera pambuyo.

Membala wobisa dzina:

Abale, ndabweranso patapita masiku asanu. Ndinapita Loweruka osawauza. Alamu anandilandira, achimwene anatuluka mochedwa, anakhala patali. Ndinanena monga anandilangizira amayi aja, popanda "ngati", popanda "koma". Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anavula nsapato n'kundionetsa chipsera, ndipo anandiuza zinthu zimene sindinkadziwa: kuti chaka choyamba sankatha kuonera basketball ngakhale pa TV, kuti anayambiranso kuonera chifukwa ine ndinkawakakamiza. Tonse awiri misozi inatuluka.

Sananene kuti ndakukhululukira, ndipo pa gulu la banja sanabwererebe ngakhale ndinalembapo chipepeso changa. Anangondiperekeza mpaka pamsewu, zimene sachita kawirikawiri chifukwa cha mwendo uja. Za 2020 sindinatchule. Season ikuyamba mu October, ndipo ndikufuna kuwaitana kuti tidzaonere limodzi Lakers ikamadzakumana ndi Celtics. Ndiwaitane panopa, kapena ndidikire ayambe okha kundilembera?